Tikudziwa 911, nanga 993?

Malaiti akapita pano pa Nangongwe, ambiri timakumana pa kantemba kamene kali ndi sola, kuchajitsa mafoni ndi kucheza. Kale mkangano wa pabenchipo unali wa Arsenal ndi Man U basi. Masiku ano pabwera china. Mumva mnyamata wa Giredi 11 akukalipira mnzake kuti, "Iwe, watumiza bwanji BLS kwa munthu amene mtima waima? Pamenepo pafunika ALS!" Wina akudandaula kuti ntchito yake yaima chifukwa alibe motoka ya HazMat. Munthu wongodutsa angaganize kuti ndi ana a sukulu ya zaumoyo, chonsecho akukambirana za gemu ya pafoni.

Magemu ake ndi monga 911 Operator, imene inapangidwa ndi kampani ya Jutsu Games ya ku Poland n'kutuluka mu 2017, mng'ono wake 112 Operator wa mu 2020, ndi MissionChief, imene inachokera ku gemu ya ku Germany yotchedwa Leitstellenspiel. M'magemuwa mulibe mpira woti uchinye kapena mdani woti umuwombere. Iwe ndiwe munthu wokhala m'chipinda cholandirira mafoni a ngozi. Pamapu pabuka moto uku, mamotoka agundana uko, mayi wakomoka kwina, ndipo ntchito yako ndi kusankha motoka yoti ipite kulikonse, mamotokawo ali ochepa, nthawi ikutha. Mapu ake ndi enieni, ochokera ku OpenStreetMap, moti ukhoza kusewera uli kuyang'ana misewu ya tauni imene umaidziwa.

Ife amene timathandiza pa wailesi ya m'dera sitili m'gulu la akuluakulu onena kuti magemuwa ndi kutaya mabando chabe. Nafenso timasewera, ndipo taphunziramo zambiri. Koma pali chimene chikutivuta mumtima, ndipo chinayamba usiku wina m'nyengo ija malaiti ankapita maola ambiri pa tsiku chifukwa cha chilala cha mu 2024.

Kandulo inagwera pa katani m'nyumba ina pafupi ndi kwathu. Tonse tinathamangira komweko, ena ndi mabaketi, ena ndi mafoni m'mwamba akujambula. Mnyamata wina, katswiri weniweni wa gemuyi, amene amadziwa mayina a mamotoka onse a ozimitsa moto a ku America, anatulutsa foni n'kuimba 911. Wina anakuwa kuti aimbe 991, wina kuti 999, wina kuti afunse pa WhatsApp. Pamene agogo ena anatiuza kuti nambala ya ozimitsa moto ndi 993, moto unali utafika kale kudenga. Titaimba, funso loyamba linali lakuti, "Muli kuti?" Yankho lathu linali lakuti, "Ku Nangongwe, pafupi ndi pa Bana Mwape." Munthu wa mbali inayo akanawadziwa bwanji Bana Mwape? Palibe anamwalira, tithokoze Mulungu, koma banja lija linatsala ndi zovala za m'thupi zokha. Usiku umenewo sitinaloze chala ofesi iliyonse. Mphindi zoyamba tinataya ndife.

Choncho mfundo yathu ndi iyi: gemuyi ikuphunzitsa chinthu choona, koma ife tikungoloweza zilembo zake n'kusiya phunziro lake. Phunzirolo ndi lakuti ngozi iliyonse ili ndi motoka yake, ndipo motokayo imafika msanga ngati woimba foni wanena bwino chimene chachitika ndi pamene chachitikira. Kuno kwathu, mbali yaikulu ya ntchito imeneyi ili m'manja mwa munthu amene wafika poyamba pa ngozi. Nthawi zambiri munthuyo ndi wachinyamata, chifukwa ndife amene timathamanga ndiponso ndife amene tili ndi mafoni.

Tiyeni tizimasule zilembozo, chifukwa zili ndi nzeru mkati. BLS ndi chidule cha Basic Life Support. Iyi ndi ambulansi yopereka chithandizo choyamba: kuletsa magazi, kumanga fupa lothyoka, kupereka mpweya, kupsinya pachifuwa munthu akasiya kupuma. ALS ndi Advanced Life Support, ambulansi imene ili ndi anthu ophunzira kwambiri, otha kuika diripu, kupereka mankhwala amphamvu ndi kuwerenga makina oyeza mtima. HEMS ndi helikopita yonyamula odwala. K-9 ndi apolisi oyenda ndi agalu. SWAT ndi apolisi a zida zapadera oitanidwa pamene zigawenga zili ndi mfuti. HazMat ndi gulu lolimbana ndi zinthu zoopsa monga asidi, gasi ndi mankhwala a m'mafakitale. Kwa ozimitsa moto, ilipo motoka yopopa madzi, ilipo ya makwerero aatali ya nyumba zosanja, ilipo thanki yongonyamula madzi, ilipo yonyamula zida zodulira zitsulo kuti atulutse munthu wopanikizika m'motoka, ndiye ilipo kamotoka kakang'ono ka mkulu wolamulira ntchito, kamene kalibe ngakhale dontho la madzi.

Aliyense amene wasewera amadziwa zimene zimachitika ukalakwitsa. Ukatumiza apolisi ku moto, moto suzima. Ukatumiza mamotoka onse ku kamoto ka zinyalala, foni yotsatira ikupeza ulibe chotumiza. Mu MissionChief, ukhoza kugula motoka ya HazMat koma singagwire ntchito mpaka antchito ako atapita ku maphunziro. Apa gemuyi ikunena zoona zimene ife ngati dziko tinazimva mowawa. Mu 2017 boma linagula mamotoka 42 ozimitsa moto pa ndalama zokwana madola 42 miliyoni, ndipo anthu anakwiya ndi mtengowo. Laura Miti, woimba Pilato ndi anzawo anamangidwa pochita zionetsero pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo khoti linawamasula mu 2018. Funso la mtengo linali loyenera. Koma ambiri a ife tinalekera pomwepo. Sitinafunse kuti motokayo ikafika m'tauni mwathu idzatunga kuti madzi, adzaiyendetsa ndani usiku, nanga idzalowa bwanji m'tinjira ta m'komboni timene tamangamo mipanda mpaka pakati.

Nkhani ya madziyi ndi imene imabweretsa udani waukulu pakati pa anthu ndi ozimitsa moto. Kangati tamva anthu akunena kuti, "Abwera opanda madzi"? M'makomboni ena afika mpaka pogenda motoka ndi miyala. Koma wosewera gemu ayenera kukhala woyamba kufotokozera anzake kuti motoka yopopa imanyamula malita masauzande ochepa okha, ndipo paipi ikatsegulidwa mwamphamvu madziwo amatha m'mphindi zowerengeka. Akatha, pamafunika mpopi wa pamsewu wotungirapo ozimitsa moto, kapena thanki ina yobweretsa madzi. Ngati palibe, motokayo iyenera kubwerera kukatunga. Amene wafika mochedwa n'kuona motoka ikuchoka amaganiza kuti inabwera yopanda kanthu. Funso lanzeru kwa khansala wathu ndi lakuti, kodi mipopi yotereyi ilipo ingati mu Nangongwe, mu Shikoswe, mu Zambia Compound ndi ku Estates, nanga ikugwira ntchito ndi ingati? Miyala siyankha funso limenelo.

Ndipo tisaganize kuti HazMat ndi nkhani ya m'mafilimu. Kafue ndi tauni ya mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia ili pakhomo pathu pomwepa, fakitale ya zitsulo ilinso pano, njanji imadutsa pakati pathu. Msewu wa T2 wochokera ku Lusaka kupita ku Chirundu umadutsa m'tauni mwathu, ndipo mukawoloka mlatho wa Kafue mumapeza mphambano ya T1 yopita ku Mazabuka ndi Livingstone. Usana ndi usiku mumadutsa mathanki a petulo ndi dizilo, ndi mathiraki a mankhwala opita ku migodi. Amene amayenda misewuyi amadziwa mapiri a Munali ndi malo aja otchedwa Kapiri Ngozi, dzina lake likunena lokha.

Mu gemu, thanki ikagubuduzika, chinthu choyamba ndi kutseka msewu ndi kuthamangitsa anthu. Kwathu chinthu choyamba ndi kuthamangira kunyumba kukatenga zigubu. Mu November 2016, pa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, thanki ya mafuta inaphulika anthu ali kutunga, ndipo anafa anthu oposa 70. Mu August 2019 zinachitikanso ku Morogoro ku Tanzania, anthu oposa 60 anapsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mathanki ndi mathiraki a zinthu zoopsa amakhala ndi zikwangwani, zina zalalanje zokhala ndi manambala, zina zooneka ngati dayamondi zojambulidwa lawi la moto kapena chigaza. Nambala 1203 ndi petulo, 1202 ndi dizilo, 1830 ndi asidi wa sulphuric. Wachinyamata amene angawerenge nambalayo ali patali, n'kuiuza ozimitsa moto pafoni, n'kukuwira anthu kuti abwerere m'mbuyo, wachita ntchito yoposa mapointi onse a mu gemu.

Manje tiyeni tibwere ku zilembo ndi manambala athu. Nambala ya 911 ndi ya ku America, inayamba mu 1968. Ya 999 inayamba ku London mu 1937, ndipo ndi imene ife tinatengera. Kuno ku Zambia, apolisi ndi 991, ambulansi ndi 992, ozimitsa moto ndi 993, ndipo 999 ndi ya ngozi iliyonse. Pafoni ya m'manja 112 imathandizanso. RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, lili ndi nambala yaulere ya 983. Mwana akamazunzidwa pali 116, ndipo pa nkhanza za m'banja pali 933. DMMU ndi nthambi ya mu ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti yoona za masoka monga kusefukira kwa madzi ndi chilala. ZEMA imaona za kuwonongeka kwa chilengedwe, monga pamene zinyalala za asidi za mgodi wa ku Chambishi zinathira m'mitsinje yolowa mu Kafue mu February 2025. VSU ndi nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. CCPU ndi anthu a m'dera othandizana ndi apolisi kulondera. Ngati mutu wathu wasunga ALS, HEMS ndi SWAT, sungalephere kusunga izi.

Ntchito za mamotoka nazonso kuno n'zosiyana ndi za mu gemu. Ambulansi ya boma nthawi zambiri imanyamula odwala amene atumizidwa kuchoka ku kiliniki kupita ku chipatala chachikulu. Wodwala wa pano amayambira pa kiliniki ya Nangongwe, zikavuta amapita ku Kafue General Hospital, zikavutanso ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 45 kukafika ku UTH ku Lusaka. Ambulansi ikanyamuka ulendo umenewo, kupita ndi kubwera ndi maola. Ndege za Zambia Flying Doctor Service, zimene likulu lake lili ku Ndola, zimathandiza makamaka madera akutali ovuta kufikako. Ndiye tinene chilungamo: BLS yoyamba ya pa Nangongwe ndi takisi ya aneba, kaveni ka munthu wa pamsika, nthawi zina wilibala. Munthu akamira mu Kafue, oyamba kufika ndi asodzi ndi mabwato awo. Wosewera gemu wanzeru amawerenga mamotoka amene ali nawo, osati amene amalota. Nambala ya dalaivala wa takisi amene amayankha foni 02:00 usiku iyenera kukhala m'foni mwathu pafupi ndi 992.

Tikudziwa zimene ena anene, chifukwa timazimva pa wailesi nthawi zonse tikatsegula mafoni: "Kuimba n'kutaya nthawi, sabwera." Sitikana kuti alipo amene anaimba n'kudikira pachabe, ndipo ululu wawo ndi weniweni. Gemu nayonso imanama m'njira yake. Mmenemo mafuta satha, matayala saphulika, msewu ulibe maenje, ndipo wodwala akafa umangodina batani n'kuyambiranso. Kuno amene wafayo ndi mnzako wa kusukulu. Koma taganizani. Tikaleka kuimba, m'mabuku a khonsolo mudzaoneka ngati Nangongwe kulibe moto, ndipo popanga bajeti palibe adzatikumbukire. Foni iliyonse yoimbidwa, ngakhale thandizo litachedwa, ndi umboni. Tikalemba tsiku, nthawi imene tinaimba ndi nthawi imene thandizo linafika, timapita ku msonkhano tili ndi pepala m'manja, osati mkwiyo wokha.

Misonkhano yakenso ili ndi zilembo zake. CDF, ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Maganizo a zimene ndalamazi zigwire amayambira ku WDC, komiti ya chitukuko ya mu wadi. Ozimitsa moto ali pansi pa khonsolo. Ndiye ngati tikufuna mpopi wotungirapo madzi pafupi ndi msika, kapena kuti njira inayake ikulitsidwe kuti motoka izilowa, khomo lake ndi limenelo. Tiyeni tidzifunse, pa msonkhano wa WDC wapitawu, achinyamata tinalipo angati? Mu gemu timakhala maola tikuganiza pomanga siteshoni kuti mamotoka azifika msanga paliponse. Nzeru yomweyo ikufunika pa msonkhanowo, ndipo akuluakulu ambiri okhala pamenepo sanayambe aganizapo za mapu mwa njira imeneyo.

Palinso zolakwa zathu zimene sizifuna ndalama kuti zithe. Choyamba ndi mafoni achibwana. Mu 911 Operator mumabwera mafoni a anthu ongoseka kapena ofunsa zopanda pake, ndipo tonse timakwiya nawo chifukwa amatitayitsa nthawi. Nanga bwanji ife tomwe timapatsa ana foni kuti aimbe 993 pofuna kuseka? Motoka ikapita kumene kulibe moto, kumene kuli moto kumapsa. Chachiwiri ndi sailini. Ambulansi ikalira pamsewu wa Lusaka, madalaivala ena amaithamangira kumbuyo kuti adutse nayo pa mzere, ena safuna n'komwe kupatuka. Ambiri a ife ndife makondakitala, okwera njinga zamoto, kapena tikuphunzira kuyendetsa. Kupatuka ndi lamulo, ndiponso amene ali m'katimo mwina ndi amayi ako. Chachitatu ndi kujambula. Dzanja limene lagwira foni kujambula likanatha kuimba, kapena kugwira baketi. Ndipo banja lisamve za imfa ya mwana wawo kudzera pa vidiyo ya pa Facebook.

Kuimba foni nakonso ndi luso. Mu gemu mumamva oimba ena akulira osanena chilichonse, ndipo iwe umafunsa mobwerezabwereza kuti ali kuti. Tsiku likadzafika, tisadzakhale ngati iwo. Yamba ndi malo: tauni, komboni, kenako chizindikiro chimene mlendo angachione, monga sukulu, tchalitchi, chigayo, msika kapena thanki ya madzi, ndi kumene akhotere akachoka pa tala. Kenako nena chimene chachitika, ndi anthu angati amene avulala, ngati akupuma, ngati alipo wotsekeredwa m'kati. Ukanena kuti m'nyumbamo muli silinda ya gasi kapena petulo wa jenereta, kapena kuti moto wayambira pa waya wa malaiti, wathandiza ozimitsa moto kudziwa zoti anyamule, ndipo wakumbutsa anzako kuti moto wa malaiti kapena wa mafuta sauthira madzi. Usadule foni mpaka akuuze. Ukatha, tuma munthu mmodzi akaime pa msewu waukulu ndi tochi kuti awatsogolere. Nyumba zathu zambiri zilibe manambala ooneka, ndiye munthu ameneyo ndiye adiresi.

Mapu aja a mu gemu nawonso tingawakonze. OpenStreetMap imalola aliyense kulembetsa n'kuikapo msewu, sukulu, kiliniki kapena mpopi umene ukusowa. Tsegulani muone ngati kanjira ka kwanu kalipo. Ngati kalibe, dalaivala wodalira mapu sadzakapeza. Gulu la achinyamata asanu, Loweruka limodzi, likhoza kuyenda gawo lonse la komboni n'kuika zizindikiro zimene zidzakhalepo zaka zambiri. Ndipo amene akufuna kupita patsogolo, a Zambia Red Cross Society ndi a St John amaphunzitsa chithandizo choyamba. Ubongo wa munthu umayamba kuwonongeka pakangopita mphindi zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi wopanda mpweya. Palibe ambulansi, ngakhale ya ALS ya ku America, imene ingafike pakhomo lililonse m'nthawi imeneyo. Amene angapsinye pachifuwa maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi kufikira thandizo litabwera ndi amene ali pomwepo.

Sitikunena kuti musiye kusewera. Sewerani, gulani ma HazMat anu, mangani masiteshoni mpaka mapu adzaze. Mwina pakati panu pali amene adzakhale m'chipinda chenicheni cholandirira mafoni, kapena adzavale yunifomu ya ozimitsa moto, ndipo adzanena kuti zinayambira pa benchi ya pa kantemba. Chimene tikupempha n'chakuti musanatsegule gemu madzulo ano, tsegulani kaye pa manambala n'kusunga 991, 992, 993, 999 ndi 983. Mulembenso pa pepala n'kumata kuseri kwa chitseko, chifukwa tsiku la ngozi foni imakhala ilibe moto kapena ili m'nyumba yomwe ikupsayo. Kenako funsani mng'ono wanu kuti akulondolereni kwanu ngati kuti ndinu mlendo wochokera ku Chipata. Akatchula Bana Mwape, muuzeni ayambirenso.